Kalata Yanga ndi Chitsa cha Bulugamu

Ndinagwira ukalaliki pa esiteti ya tiyi kwa zaka zambiri, ndipo nditapuma ndinabwera kuno kumudzi ndi njinga imodzi komanso chizolowezi chimodzi. Chilichonse chimene ndikulemba ndimaika pepala la kaboni pansi. Lapamwamba limapita, lapansi limatsala. Otsalawo ali m'sutikesi yachitsulo kuchipinda, omangidwa ndi luzi chaka ndi chaka, ndipo pakati pake ndimaikamo masamba ouma a fodya kuti chiswe ndi mphemvu zisayandikire. Anthu a pamudzi pano amaseka. Aseke. Malire a madimba atavuta, onse aja anadzaza pakhonde panga kudzafunsa kuti tinagwirizana zotani.

Mapepala a nkhani iyi ndawayala patebulo pano, kuti ndisawonjezere kanthu.

Chinali chaka china boma la matipate litakhazikika kale, sukulu yathu ya pafupiyi itangosanduka sekondale yoyendera. Ndinagwa pa njinga ndikuchokera ku Mbulumbuzi, mwendo n'kuthyoka pamwamba pa kakolo. Kuchipatala anandiika chikhakha n'kundipatsa ndodo ziwiri. Mayi a kunyumba anali atamwalira chaka chapitacho, ana onse ali kutauni, ndipo nandolo anali atauma m'munda. Amene analimapo nandolo akudziwa. Ukachedwa naye dzuwa likapsa amathetheka yekha, njere n'kumwazika pansi, kenako anthu amamasula mbuzi. Ndinkakhala pakhonde n'kumayang'ana munda wanga ngati wa mwini.

Ndiye kunabwera kalata yotayipa yochokera kwa ahedi a sukuluyo. Inkanena kuti ophunzira a Fomu 4 azipita m'makomo mwa okalamba ndi odwala Lachisanu lililonse masana kukathandiza ntchito. Mzere womaliza unali woti mwini khomo adziwitse sukulu mmene ophunzirawo agwirira. Mpaka lero sindimvetsa kuti munthu wophunzira angatumize bwanji ana a Fomu 4 kumunda kutatsala milungu isanu ndi umodzi kuti alembe mayeso a boma, ana a Fomu 1 alipo, akungothamangitsana pabwalo. Koma nthawi imeneyo sindinafunse. Nandolo anali wanga.

Anabwera asanu ndi mmodzi, anyamata atatu ndi atsikana atatu. Sindinaonepo ana osakhazikika ngati amenewo. Ankayenda milomo ikugwedera ngati akupemphera. Wina anali atalemba zamasamu m'chikhatho ndi bolopeni, ndipo popereka moni anandipatsa nsonga za zala zokha kuti zisafufutike. Mtsikana wina wamfupi anandifunsa ngati ndili ndi wotchi, nditamuuza nthawi n'kuusa moyo ngati ndamuuza za maliro. Anyamata anavula malaya a yunifolomu n'kuwapachika mumtengo wa mango, atsikana anamanga zitenje, onse n'kutsikira kumunda ndi madengu.

Munda wanga uli kumunsi kwa nyumba, kutsidya kwa kakhwawa. Ndili pakhonde ndimaona zonse, koma kumva ayi. Khutu langa lakumanzere linatha ndi makina a fakitale amene anali kuseri kwa ofesi yathu.

Zimene ndinaona ndi izi. Asanu analowa m'mizere n'kuyamba kuthyola. Wachisanu ndi chimodzi, mtsikana wamtali wowonda, anakwera pa chulu chimene chili pakati pa munda, n'kukhala pansi, n'kutsegula buku. Anzake akusenza madengu, iye ali pa chulu. Anzake akasunthira kumunsi, iye ankaimirira pa chulu pomwepo, dzanja likuyenda m'mwamba ngati mlaliki wa pamsika. Nthawi zina onse ankaseka. Dzuwa litapendeka anatsika, zovala zake zilibe ndi kachitsotso komwe, n'kudzanditsanzika limodzi ndi anzake amene manja awo anali atakandika.

Lachisanu loyamba ndinangolemba madengu awo m'kope. Lachisanu lotsatira chimodzimodzi. Ulendo wachitatu ndinaitana mnyamata amene ankawatsogolera, uja wa masamu m'chikhatho, akubwera kudzakhuthula dengu.

"Iwe, mnzako wa pa chuluyo akudwala?"

"Ayi agogo, ali bwinobwino."

"Nanga bwanji sakuthyola?"

"Aaa, ameneyo ndi wailesi yathu, agogo." Anaseka, n'kuthamanga kubwerera kumunda chifukwa anzake ankamukuwira kuti akuphonya.

Ndinachiyesa chipongwe. Pa esiteti ndinaona anthu otere ambiri, okhala pamthunzi anzawo akupsa ndi dzuwa, pamapeto dzina lawo n'kulowa m'buku limodzi ndi ogwira ntchito. Sindinkalola zimenezo ndili pantchito, ndipo sindikanazilola pakhomo panga. Loweruka m'mawa ndinatenga pepala, kaboni pansi, n'kulemba. Lapansi lake ndi ili:

"Ophunzira asanu agwira ntchito molimbika ndipo ndikuthokoza. Wachisanu ndi chimodzi, mtsikana wamtali, maulendo onse atatu wakhala pa chulu ndi buku. Sanathyole nandolo ngakhale mmodzi."

Ndinapatsira mphunzitsi wina amene ankadutsa pano pa njinga. Mtima wanga unali mbee.

Lachiwiri masana ndinaona asanu aja akulowa pabwalo. Silinali tsiku lawo, ndipo analibe madengu. Ndinawauza kuti akhale pa mphasa, iwo anangoima.

"Agogo, munalemba kalata ndinu?" anatero mtsogoleri uja.

"Ndine. Ndipo ndinasaina dzina langa lonse."

"Ahedi aiwerenga dzulo pa asembule, sukulu yonse ikumva. Mnzathu amupatsa chitsa."

"Chitsa chanji?"

"Cha bulugamu, chija cha pafupi ndi kalasi yathu. Akuti asalowe m'kalasi mpaka chizuke. Chiphaso chake cholowera mayeso chili m'dirowa mwawo, akuti adzatenga chitsa chikagona pansi."

Chitsa chimenecho ndinkachidziwa. Mtengo wake unadulidwa pomanga sukulu, ndipo anthu awiri sakanatha kuchizungulira ndi manja. Mwamuna wamphamvu chikanamutengera milungu iwiri. Mayeso anali atatsala milungu itatu. Komabe ndinati, "Munthu akathawa ntchito amalangidwa. Inu munkapsa ndi dzuwa iye ali phee."

Apa ndi pamene mtsikana wamfupi uja analankhula, akubisa mkwiyo chifukwa cha ulemu.

"Agogo, mabuku a Bayoloje pasukulu pathu alipo atatu, Fomu 4 yonse. Gulu lililonse lili ndi tsiku lake. Lathu ndi Lachisanu masana, m'mawa mwake buku lizikhala litabwerera. Ndiye Lachisanu lomwelo akuti tizibwera kuno. Tikanatani? Tinagwirizana kuti mmodzi aziwerenga mokweza, ife tizithyola, mizere yake tizigawana. Tinasankha iyeyo chifukwa mawu ake amafika kumapeto kwa munda, ndiponso akawerenga Chingerezi amatimasulira m'Chinyanja mpaka timve."

"Ine impso ndinazimvera m'munda mwanu muja," anatero mnyamata wina kumbuyo. "Pano ndikaona nandolo m'mbale ndimayamba kutchula ziwalo."

Palibe amene anaseka.

"Bwanji simunandiuze?"

"Munafunsa ngati akudwala, agogo."

"Ndinafunsa chifukwa chimene sakuthyolera!"

"Ndiye ndinakuyankhani," anatero mtsogoleri uja, maso ali pansi.

Atapita ndinatsegula kope langa n'kuyang'ana madengu amene ankakhuthula Lachisanu lililonse. Inali ntchito ya anthu asanu ndi mmodzi. Zinali m'kope langa lomwe, m'zolemba zanga, ndipo sindinaziwone.

Lachitatu m'mawa ndinapempha alamu anga kuti andikweze pa kaliyala wa njinga. Ulendo wonse chikhakha chinkagunda masipoko, iwo akudandaula kuti ndikulemera ngati thumba la feteleza. Titangolowa pasukulu ndinamuona mtsikana uja. Anali m'dzenje lofika m'mawondo, khasu m'manja, nkhwangwa ili pambali, chitenje chofiira ndi dothi. Chitsa chimazulidwa pokumba mozungulira, koma iye anali atakumba mbali imodzi yokha, imene inayang'ana pa zenera la kalasi ya Fomu 4. Ankati akatema muzu kawiri n'kuima, khutu lili kuzenera.

Atandiona anatuluka m'dzenjemo, n'kupinda mawondo.

"Mwadzuka bwanji, agogo? Mwendo ukupeza bwanji?"

Ndikanakonda akanandinyoza. M'manja mwake munali matuza, ena ataphulika kale.

Ahedi ndinawapeza atazunguliridwa ndi mafomu a mayeso, maso ali ofiira. Sanali munthu woipa. Anali wotopa, ndipo ankaopa ana ake kuposa mmene anawo ankamuopera. Anandipatsa mpando, n'kutulutsa kalata yanga m'dirowa.

"Bambo, ndikuthokozeni kaye. Makomo onse amene tinatumizako ana, ena anangotumiza mawu akuti ana agwira bwino. Amene munalemba ndinu nokha."

Ndinawafotokozera za buku ndi za chulu. Ndinawafunsa kuti ndani anaika buku ndi munda pa tsiku limodzi. Ndinawafunsanso za ana a Fomu 1. Mawu anga anakwera mpaka alamu anga anasuzumira pakhomo. Ahedi anandisiya ndimalize.

"Ndamva, bambo. Koma ndifunse. M'kalatamu muli bodza?"

"Mulibe. Ine sindilemba bodza."

"Anathyola nandolo?"

"Sanathyole."

"Ndiye onani pamene mwandiika. Ndaiwerenga pamaso pa sukulu yonse. Ndikangomuchotsa pa chitsa lero, mawa aliyense wothawa ntchito anyamula buku. Koma njira ilipo, ndi yapafupi. Lembani kalata ina yonena kuti munalakwitsa. Ndikaiwerenga pomwe ndinawerengera yoyamba, mwana alowe m'kalasi mawa lomwe, chiphaso chake atenge."

"Sindinalakwitse. Ndinalemba zimene ndinaona."

"Ndiye chilango chili pomwepo."

Potuluka sindinadzere ku chitsa. Ndinauza alamu anga kuti tidutse kuseri kwa zimbudzi, iwo anandiyang'ana n'kukhotetsa njinga.

Kalatayo ndinailemba masana omwewo. Izi palibe amene akuzidziwa. Ndinaika kaboni, ndinalemba tsiku, ndinalemba kuti ndinalakwitsa chifukwa ndinaweruza ndi maso okha ndili kutali, ndi kuti mtsikanayo anagwira ntchito imene anzake anamupatsa. Ndinasaina. Kenako ndinaiwerenganso, n'kuyamba kuimva ikuwerengedwa pa asembule. Ana mazanamazana akanapita nayo m'makomo. Amene amaseka sutikesi yanga akanapeza pogwira. Amene anagonja pa nkhani ya madimba akanabwera kudzafunsa kuti ngati mkuluyu amalakwitsa polemba, mapepala ena aja tiwakhulupirire bwanji. Ndinaipinda n'kuiika pansi pa nyali, ndikudziuza kuti ndiitumiza mawa.

Lachinayi mphunzitsi uja anadutsa pa njinga, anaimba belu, ine ndinangokweza dzanja. Tsiku lonse sindinakhale pansi. Ndinkachoka pakhonde kupita kunkhokwe, kunkhokwe kupita kukhola, ndodo zikutupitsa m'khwapa. Ndinatsegula sutikesi, ndinamasula luzi la chaka china, ndinamanganso. Ndinkati ndikamva nkhwangwa kwa aneba ndinkatembenuka, ine wa khutu limodzi.

Lachisanu asanu aja anabwera monga mwa lamulo. Anapereka moni wouma n'kutsikira kumunda. Pa chulu panalibe munthu. Mtsogoleri uja anayesa kuyala buku pansi kuti aziwerenga akuthyola, mphepo n'kumatembenuza masamba. Ndinaona anzake akumuyandikira, akumufunsa kuti abwereze, kenako onse anangosiya. Anamaliza mizere yotsala mofulumira, n'kukhuthula madengu, n'kumapita. Kalata inali pansi pa nyali, mikono iwiri kuchokera pamene anaima.

Loweruka ndi pamene ndinapeza njira yanga, ndipo ndinakondwera nayo ngati munthu wanzeru. Lolemba ndinakweranso kaliyala.

"Ahedi, munda umene unalakwiridwa ndi wanga, osati chitsa chanu. Mwanayu m'mawa azilowa m'kalasi. Masana azibwera kwanga masiku asanu kudzapuntha nandolo amene sanathyole. Akamaliza ndilemba, inu mumupatse chiphaso."

Anandiyang'ana nthawi yaitali, bolopeni ili pakamwa.

"Kalata ija yakukanikani, eti bambo?"

Ndinatola ndodo zanga.

"Chabwino. Ayambe mawa. Ndipo mudzalembe zoona, monga mwa nthawi zonse."

Tsiku loyamba mtsikanayo anafika ndi chitenje chomanga kale, manja atakulunga tinsanza. Anapeza ndatulutsa tebulo pakhonde, mpando, wotchi yanga, ndi mtolo wa mapepala. Anali mafunso a mayeso a zaka za m'mbuyo amene mwana wanga womaliza anasiya atamaliza Fomu 4. Ankati atayire kudzala, ine ndinawatola.

"Nandolo ali kuti, agogo?"

"Khala apo. Pepala ili ndi la maola awiri. Ndikati yamba uyambe, ndikati leka uleke. Ndipo pepala silituluka pabwalo pano."

Anayang'ana mapepalawo, n'kuyang'ana ine. Anatsegula lapamwamba ndi nsonga za zala ngati lingang'ambike.

Nandolo ndinapuntha ndekha. Ndinakhala pa mphasa, mwendo wachikhakha nditautambasula, ndodo yoyendera n'kusanduka chopunthira. Fumbi la makoko linkandiyetsemulitsa, msana unkawawa, ndipo mphindi zilizonse ndinkakwawira ku wotchi. Iye ankalemba pang'onopang'ono chifukwa bolopeni inkakhudza matuza. Tsiku loyamba nditati leka anali asanafike funso lomaliza, ndipo anagwetsa mutu patebulo.

"Pa mayeso enieni sadzakudikira," ndinatero.

"Ndikudziwa, agogo. Manjawa ndi amene sakudziwa."

Tsiku lachitatu anabwera ndi anzake onse, ati adzathandize kupeta. Palibe amene anagwira lichero. Anadzaza khonde, wina akulembera pa bondo, wina pa mtondo wovundikira. Atatha kulemba anakangana za yankho la funso la mtima, mpaka wamfupi uja anati, "Wailesi, tatsegula timve." Ndiye anaimirira pa sitepe ya khonde n'kuyamba kufotokoza mmene magazi amalowera mbali ina ya mtima, n'kupita kumapapo, n'kubwerera mbali inayo. Dzanja linkayenda m'mwamba monga pa chulu paja. Aka kanali koyamba kumva mawu ake ndili pafupi. Ngakhale khutu langa lakufa lija linkangoti limve. Ndinasiya kupuntha. Ine amene ndakhala ndi mtima zaka zonsezi ndinamva tsiku limenelo mmene umayendera.

Tsiku lachisanu atamaliza kulemba, ndinatenga pepala loyera, n'kuika kaboni. Iye anaima pambali akumangirira makope ake.

"Mukulemba chiyani, agogo?"

"Kuti wapuntha nandolo masiku asanu, ndipo ndakhutira."

"Koma sindinapunthe ngakhale mmodzi."

"Ndikudziwa."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Ulendo uja munalemba zoona, ine n'kulandira chitsa. Lero mukulemba zabodza kuti ndilandire chiphaso." Anakonza nsanza ya kudzanja. "Si bwenzi mutangowauza ahedi kuti muli pakhonde pano simunkamva zimene ndinkachita? Anzanga onse a pasukulu mpaka pano akunditchula waulesi wa pa chulu."

Kalata imene ankanenayo inali m'nyumba, yolembedwa kale, yosainidwa. Ndikanangolowa. Koma ndinati, "Tenga kalatayi upite, kwanu n'kutali."

Anailandira ndi manja awiri, n'kuthokoza.

Chiphaso anamupatsa, ndipo mayeso analemba. Zotsatira zitatuluka mtsogoleri uja anaima pamsewu n'kundikuwira kuti wailesi yakhoza, Bayoloje bwino kwambiri, koma masamu anangopulumukira pang'ono. Anandiuzanso, osati mondinena, kuti sabata imene mnzawo anali pa chitsa ndi imene aphunzitsi a masamu ankabwereza zovuta zonse. Ndawerengera kambirimbiri. Lolemba, Lachiwiri ndi Lachitatu ndingawaike pa kusamva kwanga, pa buku la Lachisanu, pa ahedi. Koma Lachinayi, Lachisanu ndi Lolemba linalo, masiku atatu amenewo ndi anga ndekha. Kaya akanasintha kanthu pa masamu ake, sindidziwa, ndipo palibe pepala limene lingandiuze.

Chitsa sichinazuke. Chinakhala pomwepo zaka zambiri ndi dzenje lake la mbali imodzi, limene nthawi ya mvula linkadzaza madzi. Popita kumisonkhano ya makolo ndinkachidutsa. Chaka chotsatira ndinalembera sukulu kawiri kuti ana a Fomu 4 asamatumizidwe m'makomo mayeso atayandikira, ndi kuti mabuku atatu si mabuku. Sanandiyankhe, ndipo apansi ake ndili nawo.

Mtsikanayo anachoka kuno, ndinamva kuti anapeza ntchito mbali ya ku Limbe. Tinakumana kamodzi pa maliro ku Ndunde. Anapinda mawondo monga kale n'kufunsa za mwendo.

Mapepala ndiwabwezere m'sutikesi tsopano. Kalata ya ahedi yotayipa ija. Lapansi la kalata yanga yoona. Lapansi la kalata yanga yabodza, limene ndi bodza lokhalo m'sutikesi monsemo. Ndi iyi yopinda, ya banga la palafini pakona, imene ndili nalo lapamwamba ndi lapansi lomwe, kaboni akadali pakati.